Bambo, Pikapu Ija Musaitsuke

Pretoria,
11 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa amayi. Bondo lija likukulolani kukwera pachigafa, kapena tsopano mwamvera n'kumusiyira Caleb zopachika fodya? Yankho ndikulidziwa, koma ndafunsabe. Ine kuno ndili bwino, chimfine chinandigwira mwezi watha koma chinatha chokha. Kalatayi ndapatsira a Andireya amene akukwera basi Lachisanu. Mudabwa kuti bwanji osangoimba foni. Pafoni inu mumangovomera zilizonse kenako n'kupatsira amayi, pomwe nkhani iyi ndikufuna muiwerenge mutakhala pansi, magalasi ali kumaso.

Ndimamva kuti kutchalitchi mumauza anthu kuti Talandira amapanga magalimoto ku Joni. Bambo, chibwerereni kuno sipanala sindinaigwirepo. Ine ndili mu ofesi ya mapulani. Ntchito yanga ndi kuona kumene malonda akulowera, amene akutilanda makasitomala, ndi kulangiza mabwana galimoto yoti tipange zaka zikubwerazi. Ndi zomwe mumachita inu mu Ogasiti mukamasankha ngati mulime fodya kapena soya, kungoti kuno munthu akalakwitsa amagwa ndi anthu zikwi.

Kampani yathu ndi yaikulu ndipo dzina lake anthu amalikhulupirira. Mainjini athu ndi olimba, malo ogulitsira tili nawo m'maiko ambiri, apo palibe wotiopseza. Koma zinthu zatembenuka. Magalimoto ambiri apafakitale pathu amakwera sitima kupita ku Ulaya, ndipo kumeneko anthu akusamukira ku oyendera magetsi, amene ife kuno sitinayambe kupanga. Kuno komwe makampani a ku China abwera ndi magalimoto onyezimira, otsika mtengo, ndipo achinyamata onse akuthamangira komweko. Katundu wathu nayenso amachedwa kudoko. Mbali ina ya fakitale yayamba kale kugwira masiku anayi okha pasabata.

Ndiye mabwana anayang'ana kumpoto, ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Tanzania. Anati tipange pikapu yaing'ono ya alimi. Anapanga zingapo zoyesera, zopanda dzina la kampani, n'kulemba ganyu anthu ofufuza kuti akazionetse kwa alimi chaka chatha mu Ogasiti. Apa ndi pamene mukulowera inu.

Lipoti la ofufuzawo linafika padesiki panga mwezi watha. Linati alimi asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse aikonda galimotoyo. Ndikutsegula masamba, ndinangoona chithunzi: pa Mponela, pikapu yoyera, pambali pake mwamuna atavala suti yakuda ya tsiku la mgonero, chipewa chili m'manja. Pansi pake analemba kuti mlimi uyu wa kwa Msakambewa ku Dowa wati galimotoyi ilibe chilema chilichonse, ndipo wathokoza amene anaipanga poganizira alimi. Bambo, mlimiyo ndinu.

Ndinaseka mpaka anzanga kubwera kudzasuzumira. Kenako kuseka kunatha, chifukwa ndinakumbukira za pa Khirisimasi. Tinali pakhonde ndi a Dominiko amakaniko, inu n'kumatisimbira za galimoto ina imene alendo anakukwezani pa Mponela. Munati ndi galimoto yonyamulira akwati, mimba yake ili pansi moti mwala woyamba wa msewu wa ku Ntchisi ungaitumbule. Munati batire ikafa singalire ndi kukankha. Munati kumbuyo kwake mabelo asanu ndi limodzi ndiye kwadzadza, ndipo palibe ngakhale pokoleka chingwe. A Dominiko anawonjezera kuti atatsegula boneti anapeza injini yovundikiridwa, yoti kuikhudza mpaka kompyuta, ndipo kompyutayo ili ku Lilongwe. Tinaseka mpaka tiyi kuzizira. Tsiku limenelo sindinadziwe kuti tikuseka galimoto ya kuntchito kwanga.

Sindikukudzudzulani. Ndikudziwa mmene zinayendera. Anthu abwera kuchokera kutali, akulonjerani mwaulemu, akupatsani chakumwa chozizira, akukwezani kutsogolo pamsewu wa tala, kenako akufunsa maganizo anu. Munthu woleredwa pa Mvera, mkulu wa mpingo, anganyoze bwanji chinthu cha mlendo mwini wake ali pomwepo? Alimi anzanu onse anachita chimodzimodzi. Ena anati akaganizira akagulitsa fodya, ndipo ofufuza aja analemba kuti amenewo agula. Sadziwa kuti kwathu munthu akati akaganizira ndiye kuti nkhani yathera pomwepo.

Lachiwiri lapitali kunali msonkhano wa mabwana, ndipo ndinaimirira. Ndinawauza kuti lipotilo lawerenga ulemu wa anthu, osati maganizo awo. Ndinati kumpoto mdani wathu si kampani ya ku China kapena ina iliyonse yogulitsa zatsopano. Mdani wathu ndi galimoto ya kaunjika yochokera ku Japan, ya zaka khumi ndi zisanu, imene masipeya ake amapezeka kuseri kwa golosale iliyonse, imene a Dominiko amaidzutsa pansi pa mtengo ndi masipanala atatu ndi waya. Ndinawauzanso kuti mafuta akasowa kwathu anthu amathira a m'zigubu, ndipo injini yosankha zakudya sichedwa kufa. Ndinamaliza ndi kunena kuti kulimba kwa mainjini athu ndiko chuma chathu, ndipo tikapanga galimoto yaitali miyendo, yosavuta kukonza, mlimi adzaisankha ngakhale kaunjika ali pomwepo.

Bwana amene anaitanitsa lipotilo zinamuwawa. Anandifunsa ngati ine ndekha ndikudziwa kuposa alimi mazana anayi. Ndinayankha kuti mazana anayiwo sindiwadziwa, koma mmodzi mwa iwo anandibala, ndipo zimene ananena kwa alendo si zimene ananena pakhonde pake. Ndinatsegula tsamba la chithunzi chanu n'kuwauza zonse, mpaka za akwati zija.

Amene anayamba kuyankhula ndi mkulu wa mainjiniya, mayi wachikulire amene sindinamuonepo akuseka. Anafunsa kuti bambo amenewo amakhala kuti, ndipo ngati msewuwo ndi woipadi chomwecho. Ndinati akadzionere yekha. Mapeto ake, sabata yachiwiri ya Epulo ndikubwera naye kumudzi, pamodzi ndi mainjiniya awiri ndi pikapu yomwe ija. Ndasankha dala nthawi imeneyo, misewu isanapalidwe mvula itatha, mabelo oyamba atakonzeka.

Tsono ndinene poyera kuti mudziwe chimene chili patsogolo. Mabwana agamula mu Meyi. Alendowa akadzamvanso kuti galimoto ilibe chilema, lipoti lija liima, galimoto ipangidwa mmene ilili n'kukachita dzimbiri m'malo ogulitsira, ndipo ine ndidzaoneka wabodza pamaso pa kampani yonse. Kontirakiti yanga ikutha mu Juni, ndipo chilolezo changa chokhalira kuno chamangiriridwa pa ntchito yomweyi. Komabe tulo ndikugona bwinobwino, chifukwa ndikudziwa kuti ndikunena zoona. Msewu umenewo ndauyenda kuyambira ndili wakhanda kumsana kwa amayi.

Pempho langa ndi limodzi: alendowa adzapeze zinthu mmene zimakhalira tsiku lililonse. Pikapu yanu yakale ija musaitsuke. Ndikukudziwani, mukangomaliza kuwerenga kalatayi muyamba kufunsa mtengo wa penti. Malegeni amene agwira chitseko asachoke, waya wa pabatire asachoke, ngakhale mwala uja mumaika kuseri kwa tayala ukhale pomwepo. Idzaime pamtsetse pake pomwe mumaiimika kuti m'mawa ilire yokha. Mkulu wa mainjiniya uja akufuna aone chifukwa chake galimoto ya zaka zonsezo ikadali pamsewu, ndipo mayankho ake ali m'zinthu zomwe inu mungafune kubisazo.

Pikapu yatsopanoyo mudzaipakire mabelo monga mumapakirira yanu, mudzaiyendetse nokha, mudzaikweze mapiri mpaka kwa azakhali a Susana ku Ntchisi. Osazembera njira yabwino. Ikakatitimira kapena kukhula mimba pamwala, musakapepese ngati msewuwo munaulima ndinu. Mukangotsika n'kuwaonetsa pamene yagunda. A Dominiko muwaitane, abwere ndi ovolosi yawo yamafuta ija, asabwereke jekete.

Amayi ndikudziwa kuti sindingawaletse. Asese bwalo, aphe nkhuku, atulutse makapu a m'kabati aja, alendo adye mpaka alephere kuimirira. Zimenezo zichitike ndithu, ndipo ine ndidzanyadira. Koma za galimoto zokha musadzathire shuga.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti nsalu imene anaitanitsa ndibwera nayo ndekha. Moni kwa Caleb ndi mlamu wanga Hope, kwa azakhali a Susana ndi onse a ku Ntchisi, kwa amalume a ku Chisepo, ndi kwa a Dominiko, amene dzina lawo latchulidwa mumsonkhano wa mabwana iwo osadziwa.

Bambo, pa pikapu yakale yomweyo munkandiperekeza kusukulu ku Mvera, ine nditakhala pamwamba pa sutikesi, inu mukundilangiza njira yonse kuti ndizilemekeza anthu. Ndinamva, ndipo ulemu umenewo wanditsegulira zitseko zambiri kuno. Sindinakupempheni chinthu chovuta chiyambire. Lero ndikupempha kuti kwa tsiku limodzi lokha suti ija ikhale m'nyumba, ndipo mlendo akakufunsani za galimoto yake, mudzamuyang'ane m'maso n'kuinyoza monga munainyozera pakhonde. Ntchito ya mwana wanu ili pakamwa panu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Talandira