Oilo wa Mkazi Mnzanga

Loweruka, 7 Juni

Kuzizira. Chifunga mpaka pageti, phiri la Loleza losaoneka. Mayunifolomu a anthu akadali pamakina, zala zokana kugwira singano.

Amuna anga, Bambo a Gwamaka, m'mawa wonse pawindo. Bulangete pamiyendo, maso pagalimoto. Chidwalireni sitiroko mu Febuluwale ndi momwemo. Dzanja lamanja lili gone pantchafu ngati la mwini wake. Mawu amatuluka amodziamodzi, ena osokonekera. Akafuna kapu amati nsapato. Munthu amene ankayendetsa malole a tiyi ku Tukuyu akuimba njira yonse!

Lero aloza panja ndi dzanja lamanzere. "Oi... oilo." Ndati chabwino, Lolemba ndikaisiya kugalaja ku Mwanjelwa akasinthe. Amenya mpando. Kenako andiloza ine.

Ndaseka. Iwo sanaseke.

Galimoto imeneyi ndimaitcha mkazi mnzanga. Inabwera pakhomo pano mwana wathu Gwamaka ali ku sekondale, itakalamba kale, ndipo chibwerereni palibe makaniko anaigwirapo kumimba. Loweruka lililonse iwo kunsi kwake, ine kuitanira tiyi mpaka tiyi kuzizira. Kuyendetsa anandiphunzitsa mokakamiza, tikukangana msewu wonse. Zinathandiza, poti pano ndine ndimawatengera kuchipatala ku mafizo, kolimbitsa ziwalo, Lachiwiri ndi Lachisanu. Koma kulowa kunsi? Ndi mawondo angawa?

Lolemba, 9 Juni

Ku Mwanjelwa. Chigubu cha oilo ndi fyuluta. Ndinanyamula kabokosi ka fyuluta yakale kuti ndisalakwitse. Wogulitsa akuti, "Mayi, makaniko wanu ndi uti?" Ndati ndi amene ukulankhula nayeyu. Wandiyang'ana kuyambira duku mpaka nsapato, wandipatsa chenji ndi manja awiri.

Mashilingi a mayunifolomu apita, mayunifolomu asanasokedwe.

Masana foni ya Gwamaka kuchokera ku Dar. Nyimbo yomweyo. "Mayi, gulitsani chigalimotocho mubwere kuno. Chipinda chilipo, zipatala zili pafupi." Mwana wabwino, akunena chifukwa cha chikondi. Koma chipindacho chili pamwamba, masitepe okhaokha. Kutentha kwa kumeneko. Ndani angawalonjere m'Chinyakyusa pampanda? Bambo ake amamva zonse. Anatembenukira kukhoma.

Za oilo sindinamuuze.

Nditawapatsa fyuluta anaitembenuza uku ndi uku, kuinunkhiza, kuiika pambali pa mbale yawo. Nthochi zophika amaliza zonse. Sizinachitikepo posachedwa.

Lachitatu, 11 Juni

Ndilembe, mwina mtima ukhala pansi.

Dzuwa litatuluka ndinawatulutsira mpando panja. Ndinavala ovolosi yawo, kupinda miyendo ndi manja. Mateyala akutsogolo pamatabwa, miyala kumbuyo, momwe amalozera. Beseni lakale lochapira. Ndinalowa chagada. Mdima, dothi kugwera m'maso. Ndiye mabawuti aakulu awiri, ofanana ngati amapasa.

Ndinafunsa, liti? "Kumanzere." Ndinafunsanso. "Kumanzere!"

Lolimba ngati linawotchereredwa. Ndinakanikiza sipanala ndi manja onse, kenako ndi chidendene. Linamasuka mwadzidzidzi, zala kukhulika pachitsulo. Oilo kutsika ndi mkono mpaka kukhwapa, m'khutu, m'duku. Bawuti thibu m'beseni. Kulifufuza ndi zala zovulala. Fungo ngati la dzira lovunda, ndipo oiloyo sanali wakuda kwenikweni. Ndinangoti mumtima, bambowa amasamaladi mkazi wawo.

Fyuluta inakana kumasuka, ndinati mawa. Ndinamanga bawuti, kutsegula boneti, kuthira chigubu chonse pamwamba. Kuliza injini.

Utsi! Woyera, wambiri, pakhomo ponse mpaka kuseri kwa mpanda kumene a Ndimyake, anzanga oyandikana nawo, amakazinga mandazi. Ndiye mawu: "ZIMITSA!" Liwu lathunthu, lija la kale. Nkhuku kubalalika. Ndinazimitsa.

Anaitanitsa beseni. Anaviika chala, kununkhiza. Anandilozera kachitsulo koyezera oilo, ndinakasolola: konyowa kupitirira mzere, kutali. Anayang'ana dzanja lawo lamanzere, kenako linalo. Motsitsa: "Ku... manja."

Ndinali nditakhuthula oilo wa giyabokosi. Wa injini wakale adakali momwemo, ine kuthira watsopano pamwamba pake.

Ndinati si inu, Bambo a Gwamaka, munthu akagona chagada kumanzere kwake si kumanzere kwa amene wakhala pampando. Sanamve. Analira. Ndinawaonapo akulira pamaliro a mayi awo basi. Ndinawakumbatira ndi oilo yemweyo, mutu wawo pamimba panga, mpaka a Ndimyake amene amasuzumira pampanda anabwerera okha mwakachetechete.

Lachinayi, 12 Juni

Phala osakhudza. Tiyi theka.

Tsitsi ndatsuka ndi sopo wa mbale, likununkhabe. Pabwalo ndathira mchenga ndi phulusa. A Ndimyake abwera ndi mandazi otentha. "Mayi a Gwamaka, mkazi mnzanu uja wakulavulirani kumaso, inu mwangomusiya?" Ndinaseka, kenako misozi. Anakhala nane pakhonde, osafunsa zambiri.

Masana liwu limodzi lokha kuchokera kuchipinda. "Gu... litsa."

Ndanamizira kusamva.

Lachisanu, 13 Juni

Tsiku la mafizo. Ndinaitana bajaji, hayala ya mateyala atatu ija. Inafika, inadikira, inabwerera yopanda munthu. Akana kuvala nsapato.

Katani wa pawindo atseka okha.

Lachiwiri, 17 Juni

Masiku apitawa panalibe cholemba. Kudyetsa, kusambitsa, kusoka. Munthu akuchepa m'maso mwanga ndikuona. Lero akananso mafizo.

Ndinatenga foni kuti ndimuimbire Gwamaka, ndimuuze kuti wapambana, abwere adzatitenge. Ndinaima nayo pakhonde nthawi yaitali. Galimoto pamatabwa paja, mphuno m'mwamba, masamba a mapeyala atadzaza paboneti.

Sindinaimbe. Ndinalowa kunsi ndi diresi lomwelo, kujambula chilichonse ndi foniyo. Mabawuti, fyuluta, m'mbali mwa giyabokosi. Ndinakaiika pamiyendo pawo. Anaikankha. Ndinaibweza. Ndinati, Bambo a Gwamaka, mukapanda kundilozera ndikamasula onse, limodzilimodzi, mpaka injini igwere pansi, ndipo mundidziwa ine.

Anandiyang'ana kuti aone ngati ndikucheza. Sindimacheza.

Chala chinatuluka m'bulangete. Ili. Kenako ili, la m'mbali, lothirira giyabokosi. Pakamwa pamanama, chala sichinama. Ndinabwerera kunsi ndi choko changa chodulira nsalu, kulemba mtanda pa lililonse, kujambulanso, kuwaonetsa. Anagwedeza mutu.

Chakudya chamadzulo anapempha chowonjezera.

Lachitatu, 18 Juni

Ku Mwanjelwa kachiwiri. Chigubu china, botolo la oilo wa giyabokosi, kapaipi. Wogulitsa uja: "Mayi, mwatsegula galaja?" Ndati posachedwa, ubweretse yako.

Nyama mwezi uno tiiwale. Nyemba zilipo.

Lachinayi, 19 Juni

Sindikudziwa ndiyambire pati. Nthiti zikupwetekabe ndi kuseka.

A Ndimyake anatseka mandazi msanga, akuti sangaphonye. Bambo anakana bulangete, anasankha juzi yawo yoyera ya kutchalitchi. Kapitawo pantchito.

Bawuti la mtanda. Ulendo uno ndinapatutsa nkhope. Oilo wakuda bii, kutuluka mwamphamvu, kulumpha beseni, kukagwera pa phazi la a Ndimyake. Ndinasuntha beseni. Ndinaiwala kuti muli oilo wa zigubu ziwiri. Beseni kudzaza, kuyamba kusefukira, ine kukuwa, a Ndimyake kuthamanga kukatenga chilichonse. Anabwera ndi mphika wanga wa nthochi. Wapita umenewo.

Fyuluta yakale inakanabe. Bambo anandionetsa ndi dzanja: boola, potokola. Ndinaikhomera sikuludiraiva pakati, kupotokola, inamasuka ikukha ngati papaya lovunda. Yatsopano ndinamanga ndi dzanja. Giyabokosi tinathira ndi kapaipi, a Ndimyake atanyamula botolo m'mwamba ngati namwino wa diripi, akudandaula mkono. Wa injini pang'onopang'ono, kuyeza, kuthira, kuyeza, kuwaonetsa kachitsulo mpaka anakweza dzanja kuti basi.

Pofuna kuliza anakana kukhala pampando. Anaimirira ndi ndodo yawo, kudzikoka mpaka paboneti, kuwerama kuti amve bwino.

Ndinaliza. Inalira bwino, kamphindi. Kenako tsiii! Oilo kufwamphuka pa fyuluta, molunjika kwa iwo. Juzi, ndevu, magalasi. Ndinazimitsa ndisanauzidwe.

Zii. Ndinati basi, zatha, munthuyu sadzatulukanso panja.

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinathamanga poganiza kuti akulira, kapena matenda abwerera. Amaseka. Pakamwa popotoka paja, mbali imodzi, misozi ikutsika pa oilo. Anakweza zala ziwiri. "Ti... wiri!" Kamphira ka fyuluta yakale kanatsalira pa injini, ine kumangira yatsopano pamwamba pake ndi kamphira kakenso. A Ndimyake anakhala pansi pamchenga, akuti, "Bambo a Gwamaka, mkazi wamng'ono uja wakukumbukirani lero!" Anaseka mpaka kutsokomola.

Kuwasambitsa kunatenga madzi otentha ambiri. Ndikuwapukuta ndevu anandiyang'anitsitsa, kukonza pakamwa nthawi yaitali, ine kudikira. "Makaniko... wa feki."

Ndinawamenya ndi thaulo. Juziyo sindikuganiza kuti idzayeranso. Zilibe kanthu.

Lachisanu, 20 Juni

Kamphira ndachotsa m'mawa, kumanganso, kuwonjezera oilo. Palibe kudontha. Utsi pang'ono poyamba, kenako kwayera.

Ku mafizo pa galimoto yathu. Nsapato anavala okha, zingwe ndinamanga ine. Njira yonse mutu atapendeka, kumvetsera injini. Ndikasintha giya, iwo kugwedeza mutu, kapena kutsonya. Mtsikana wa mafizo akuti, "Lero agogo abwera ndi mphamvu, mwawadyetsa chiyani?" Ndati oilo.

Gwamaka ndamuimbira. Ndati bwera mu Disembala ndi ana, mapeyala adzakudikira, ife sitikusamuka. Anafunsa, "Za kubwera kuno, bambo akuti bwanji?" Ndinawaika foni pakhutu. Anati, "A-yi." Momveka. Mwanayo anaseka, koma ndinamumva akumina.

Lamlungu, 22 Juni

Kutchalitchi sitinapite.

Ndinali kuchipinda ndikumanga duku, nditavala kale. Kutuluka, mpando wopanda munthu. Chitseko chotsegula. Ndodo ili pansi pafupi ndi teyala, ndipo miyendo yawo yatulukira kunsi kwa galimoto, osagwedezeka.

Sindikumbuka mmene ndinadutsira pabwalo. Ndinagwada, kuwagwira bondo. Lofunda. Ndinasuzumira. Maso otsegula, sipanala m'dzanja lamanzere, ili pa bawuti langa lija. Amayesa ngati lingamangikenso. Silinasunthe. Mmene anatsikira pansi okha, Mulungu ndiye akudziwa. Kudzuka ndiye kunakanika.

Ndinafuna kukalipa. Mawu ndinali nawo, ambiri. Koma nkhope yawo kunsi kuja! Ngati munthu wafika kwawo atachoka kuchipatala.

Ndinagona chagada pambali pawo, ndi diresi la kutchalitchi lomwelo. Phewa ku phewa, pansi pozizira. Anandilozera ndi sipanala, ichi, icho, mawu osatuluka, ine kungovomera. Belu la tchalitchi linalira, linasiya.

Kenako anatembenuza mutu. "Tu... sa... jigwe." Dzina langa lonse. Chikwatiraneni mwina ananditchula choncho pa tsiku la ukwati lokha. "Wamanga... bwino."

Ndinangobisa nkhope m'phewa mwawo.

Anatipeza ndi a Ndimyake pochokera ku mapemphero oyamba. Miyendo inayi yotulukira kunsi kwa galimoto. Ndinangomva, "Mayo ine! Pa msinkhu wanuwo? Tsiku la Mulungu?" Tinawakoka awiri, wina mwendo uwu wina uwu, iwo akuseka, osathandiza n'komwe.

Pano ali panja pampando, akana kulowa. Mpunga uli pamoto. Diresi ndaviika m'madzi, kaya. Msana wanga ndiye usanene.

Akugogoda ndodo pa teyala lakutsogolo. Ndasuzumira pawindo, akundikodola, akuponda pansi ndi phazi ngati munthu akuimitsa galimoto. Mabuleki. Ambuye anga, mabuleki! Ndawauza kuti adikire ndiphule kaye mpunga, koma akugogodabe, ndiye ndilekeze pompa.