Siketi ya masaka yandichotsetsa pa phwando la mwana wanga

Aphungu,

Ndalemba kalatayi mtima ukuwira. Ku Chilobwe kuno funsani aliyense, phwando la ana lopanda ine limakhala ngati maliro. Ndinaseketsapo mwana wodwala dzino mpaka dzinolo linaguluka lokha. Koma lero mwana wanga weniweni, Sungeni, wa zaka zisanu ndi ziwiri, akuti ndisadzaoneke pa phwando lake!

Anayambitsa ndi mlamu wanga Angelina, wa mu ofesi ku Mandala. Anati masiku ano phwando la tsiku lobadwa limakhala ndi mutu, ndipo lathuli likhale la pachilumba cha kunyanja yaikulu, kwa makokonati. Anandionetsa zithunzi pafoni, anthu atavala masiketi audzu, maluwa m'khosi. Ine ndinati, "Mlamu, zazing'ono izi, masewera ndisiyireni."

Ndinagwira ntchito ya anthu khumi, Aphungu. Mchenga mawilibala atatu pabwalo, maswiti n'kukwirira momwemo kuti ana afukule chuma. Makatoni pansi ngati zilumba, nyimbo ikaima aliyense adumphire pake, wotsalira wadyedwa ndi shaki, chinsomba cholusa cha m'nyanja. Nsungwi yodutsa pansi chagada inaliponso. Kuseka kwa ana kunamveka mpaka ku Nancholi.

Ndiye ndinati mfumu ya chilumba itulukire. Nanga udzu ndiutenga kuti m'tauni muno? Ndinang'amba masaka a chimanga n'kumanga m'chiuno, ena m'mikono ndi m'miyendo. Kumaso phulusa ndi makala, kumutu nthenga za nkhuku ya phwando lomwelo. Ndinatulukira kuseri kwa bafa ndi liwiro, fumbi koboo, ndikukuwa.

Kamwana kena kanangoti, "Gule!" Basi. Ana balala, ena kudumpha mpanda, keke pansi. Apongozi anga, mayi a Mvano, anafunda chitenje kumutu n'kuyamba pemphero. Angelina, m'malo mondithokoza, akuti, "Alamu, chilumba chake chiti chimenechi?"

Akuti phwando libwerezedwa Loweruka. Dzulo Sungeni anandiuza akuyang'ana pansi: "Adadi, kusukulu akuti bambo anga ndi chilombo. Loweruka mudzapite kumpira." Ine? Kumpira? Mwini mchenga? Ana a m'tauni mantha awo ndi mlandu wanga? Ndikuganiza zodzavalanso siketi yomweyo kuti adzaionetsetse bwino. Ndiweruzeni.

V.M., Chilobwe

Bambo V.M.,

Ndaseka, koma ndikuweruzani: siketiyo muisiye. Masaka ong'amba, phulusa, nthenga, kenako kutulukira kuseri mukuthamanga. Inuyo muli mwana mukanaima? Ana aja sanalakwe. Anaona chimene maso a Mmalawi aliyense akanaona. Komanso gule ali ndi eni ake, si chovala cha pa keke.

Mwakwiya chifukwa ntchito yanu sinayamikidwe. Koma amene wavulala kwambiri ndi Sungeni, yemwe akusekedwa m'kalasi tsiku ndi tsiku. Mukhale naye pansi lero, awiriwiri, mumupepese popanda nthabwala. Mumufunse masewera amene anawakonda, asankhe yekha a Loweruka. Kenako mumupemphe, osati kumulamula, kuti mudzakhalepo.

Akalola, mudzavale shati yamaluwa ndi chipewa, nkhope ili poyera, ndipo mudzalandire ana pageti kuti aliyense adziwe kuti awa ndi bambo ake a Sungeni. Masewera anu ndi abwino, musawataye. Mchenga muusefe, mungakhale magalasi. Pa zilumba za makatoni, wotsalira asamatuluke kukalira pambali, azikhala shaki wothandiza kugwira anzake. Nsungwi muyambire pamwamba, pansi pake muyale mphasa. Mungawonjezere mpikisano wonyamula madzi m'makapu kukadzaza ndowa, ndi kutunga mikanda ya maluwa a mapepala kwa ana amanyazi. Ufumu wa chilumba mumupatse mwini tsiku. Kwa apongozi mupite ndi akazi anu kukapepesa lisanafike Loweruka.

Chenjezo langa ndi ili: akakana, pitani kumpirako ndithu, mubwere ana atabalalika, mumufunse mmene zayendera. Mukakakamira, Loweruka mudzapambana, koma mwanayo sadzaitananso anzake pakhomo panu.