Kapitawo Sanagwepo

Lachitatu, 14 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndikulemba pa benchi ya ntchito, nsapato za eni ake zili mbwee kundidikira, ndiye mukaona guluu papepalali musadabwe. Ine ndilipo, mawondo okha ndi amene anasiya ntchito osatsanzika. Ndalembera inu osati mwana wanga wamkazi chifukwa akukhala pakhomo panu ndipo inu amakumverani. Ine ndi iye pa foni tikangoyamba za mwana wake, timathera kukalipirana.

Nkhani ndi ya Kapitawo. Mukukumbuka chimene tinamupatsira dzinali, kamtsikana ka sitandade thu kouza agogo ake kuti msomali mwakhoma mokhota. Chaka chatha anayamba kachinthu kena. Ali mkati molankhula amangoti zii, maso pakhoma, zikope zikuphethira, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Ine ndimati ndi mwano. Aphunzitsi amati ndi ulesi, mpaka anamukhazika kumbuyo. Tsiku lina anaima choncho pakati pa msewu tikuchokera kogula zikopa, njinga yamoto n'kumuphonya pang'onong'ono. M'pamene ndinati tiye kuchipatala.

Tsono Achemwali, ine ndakalambira pa mizere ya kuchipatala. Ukanena kuti pakupweteka pang'ono amakupatsa timapilitsi n'kuti kazipitani. Alamu anu malemu, akazi anga aja, anapitako kangapo, ndi ulemu wawo uja, akuti m'mimba mukungoluma pang'ono. Mukudziwa mmene zinathera. Kuyambira pamenepo ndinadziuza kuti matenda kuchipatala umawathira mchere.

Titafika pa chipatala chaching'ono chapafupi, namwino anatenga mwana kukamuyeza pa sikelo, ine n'kulowa ndekha kwa adokotala, mnyamata wotopa, mzere uli mpaka panja. Ndinaganiza kuti ndikati mdzukulu wanga amangoyang'ana khoma, andiseka. Ndiye ndinati amagwa pansi, amaphupha, thovu kukamwa, zonse zimene ndinaonapo kwa bambo wina pa depoti ya basi. Iwo analemba kuti khunyu n'kutipatsa mankhwala. Ndinatuluka ndikudzitama kuti lero ndawatha.

Mankhwala aja anamuononga mwana. Kuti zii kuja kunachuluka. Amagona pa mulu wa zikopa dzuwa lili pamutu, akadzuka akudzandira ngati walawa mowa. Nsapato ndimakhoma mokhota tsiku lonse, wondidzudzula panalibe. Ndinabwereranso kuchipatala. Mukuganiza kuti ndinanena zoona? Ndinangoti zikupitirira, iwo n'kuonjezera mapilitsi. Mayeso a kusukulu sanalembe, akuti abwereza kalasi. M'pamene mayi ake anati mwezi ukatha akubwera kudzamutenga, ine ndikuti ayi, uku ndikudziwa chimene ndikubisa.

Potsiriza anatitumiza ku chipatala chachikulu, kwa dokotala wa ubongo wa ana, mayi wamfupi wokhala pa mpando wa matayala. Ine sanandifunse kaye. Anacheza ndi Kapitawo za kusukulu, kenako anang'amba pepala, kuligwira patsogolo pake n'kumuuza kuti aziliuzira mwamphamvu osaleka. Mwana anauzira, anauzira, kenako zii, pomwepo pamaso pawo. Adokotala anamunong'oneza mawu akuti ambulera. Mwana atabwerera mwakale anamufunsa chimene amuuza, iye anati adokotala sananene kanthu. Ine chaka chathunthu ndakhala ndikumukalipira mwana amene samandimva n'komwe.

Anamumata mawaya m'mutu monse olumikiza ku makina ojambula mizere. Guluu wawo sagwira ngati wanga. Kapitawo anadziona pagalasi n'kunena kuti akuoneka ngati wailesi yomasula.

Titabwerera mu ofesi, adokotala anayang'ana mizere ija nthawi yaitali, kenako n'kutembenuza mpando.

"Agogo, kugwa kuja amagwa bwanji? Tandiuzani bwinobwino."

Ndisanatsegule pakamwa, Kapitawo anayankha.

"Ine sindinagwepo. Amene amagwa ndi agogo, pa sitepe ya kubafa."

Adokotala anaseka, kenako anasiya kuseka. Ndinaulula zonse, mwana akumva. Sanandikalipire, bola akanatero. Anati khunyu lili mitundu yambiri. La mwanayu ndi losagwetsa, ubongo umangothima pang'ono ngati babu n'kuyakanso, ndipo mankhwala amene ndinamupezera ndi bodza langa aja amalikulitsa m'malo molichepetsa. Anatinso mnyamata wa pa chipatala chaching'ono uja sanalakwe, anachiza zimene anauzidwa.

"Zimene munaona zija zinali zokwanira, agogo," anatero.

Mawu amenewa ndimadya nawo, ndimasoka nawo.

Mankhwala akale anachita kumuchotsera pang'onopang'ono, akuti sasiya kamodzi, n'kumuyambitsa ena. Pano kuti zii kuja kwachepa kwambiri, ndipo akuti ana ambiri zimawathera akamakula. Wayambanso kundilamula. Koma kalasi ija yapita, anzake amusiya, ndipo pobwerera kuchokera kuchipatala tsiku lija tili mu basi anandifunsa kuti ndinanamiranji. Ndinamuuza kuti ndimafuna amuthandize msanga. Anati iye akanama ndimamulanda wailesi.

Pempho langa ndi ili. Mayi ake a Kapitawo muwakhazike pansi muwauze zonsezi, osachotsapo, ndipo chonde osathirapo mchere, m'banja mwathu wakwana. Muwauze kuti sindikukananso. Abwere adzamutenge. Munthu amene wachita zimene ndachitazi alibe pakamwa pokanira.

Koma amve izi. Mankhwala ndi m'mawa ndi madzulo, osadumpha ngakhale akuoneka bwino. Pamsewu azimugwira dzanja, angakane bwanji. Asamamusiye yekha m'madzi ambiri. Akati zii asamugwedeze, asamukalipire, angodikira. Akabwerera amubwezere mawu amene anathera, kaya anati aphunzitsi, inu mungoti aphunzitsi, iye apitiriza yekha. Kumufunsa kuti umati chiyani amadana nako, amachita manyazi. Ndipo akapita naye kuchipatala cha kumeneko, anene zimene aona basi, ngakhale zioneke zazing'ono.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Mwana wanga mumuuze kuti bambo ake amamukonda ngakhale ali mutu wouma. Kapitawo akuperekanso moni, akuti mumugulire mapensulo a mitundu. Zoti akuchoka sindinamuuze, ndikuti ndimuuza mawa, ndipo mawa lakelo layamba kalekale. Ndikumusokera nsapato zakuda za kusukulu, zokulirapo pang'ono kuti akazivale nthawi yaitali kumeneko. Dzulo anazitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti ulusi wa kuchidendene wakhota. Sananame. Pamenepo maso anga anali asakuona bwino, ndinamuuza kuti ndi fungo la guluu.

Kampando kake ka pambali pa benchi sindikachotsa. Akasitomala azikhala pa bokosi.

Ndine mlongo wanu,
Wansapato