Matenda Obwereka mu Kompyuta

Amayi, kodi kumene munapitako mukupezako bwanji?

Ndine Felesiya, mwana wanu woyamba. Ndiyamba ndi nkhani zabwino, chifukwa zinazo zikangoyamba kutuluka sinditha kuziimitsa. Ndikuuziranitu kuti ndikulemba nditakwiya. Ndakwiyira anthu angapo, ndipo inu muli m'gulu lomwelo.

Mpongozi wanu, mkazi wa mlongo wanga Tomasi, anachira bwino. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha Rozina, dzina lanu. Mawu ake ndi anu enieni aja mumakalipira nawo mbuzi. Madzi a chaka chino anafika pa mtengo wa bwemba n'kubwerera, m'nyumba sanalowe. Mapira a kumtunda anapserera ndi dzuwa, koma kudimba, madzi ataphwa, tinabzala chimanga ndi mbatata ndipo zatipulumutsa, moti chaka chino sitinapite kudambo kukazula nyika, mizu ya m'madzi ija timadya pa njala. Mbuzi yanu yamawanga ija ng'ona inaigwira ikumwa madzi. Tomasi analira ngati wafedwanso, ine ndinamuuza kuti mbuziyo yangotsatira mwini wake.

Tsopano za ku ntchito. Mukukumbukira mmene munkandisekera, kuti mwana wanga amachiza anthu ndi chala chimodzi. Zaka zonse zija ndinali kalaliki wa pakompyuta ku Chikwawa, n'kupempha kuti andisamutsire ku chipatala chathu chaching'ono kuno mutayamba kudwala. Kalata yondilola inachedwa, ndinangokudwazikani milungu iwiri basi. Ndikadali konkuno, ndipo ndikuuzeni kuti malonda a makinawa akula kuposa mmene munawasiyira. Chilimwe chilichonse kumabwera galimoto zazikulu. Ndati chilimwe, chifukwa dzinja, msewu ukaduka n'kutsala ulendo wa pabwato, simungazione. Kampani yoyamba inabweretsa makompyuta odina ndi chala. Yachiwiri inabweretsa matabuleti a alangizi a zaumoyo oyenda nawo m'midzi. Yachitatu inabwera kudzatiuza kuti makina a awiri oyambawo samvana, ndiye iyo ikugulitsa chowamvanitsa. Anatitengera ku hotela ku Blantyre, tinadya nkhuku masiku atatu, mnyamata wa tayi akutionetsa pakhoma mzere wokwera m'mwamba. Ankati msika ukukula. Ndinakweza mkono n'kufunsa kuti pamsika pakepo akugulitsa chiyani, poti ife kwathu bwato la odwala lakhala padoko chifukwa chosowa mafuta. Anaseka n'kunena kuti limenelo ndi funso labwino. Yankho lake ndikudikirabe.

Sindikunama kuti zonse n'zoipa. Madzi akatenga timabuku ta kuchipatala, kompyuta imakumbukira kuti uje amamwa mankhwala akuti, ndipo anthu apulumuka nazo. Koma makina amenewa anawapanga anthu amene sanakhalepo m'mudzi. Amaganiza kuti munthu mmodzi ali ndi dzina limodzi, buku limodzi, foni yake yake, ndipo matenda ake ndi akeake. Inu, Amayi, mukudziwa bwino kuti kuno sizikhala choncho.

Titakuikani m'manda, nditabwerera ku ntchito, anandiuza kuti nditseke mbiri yanu mu kompyuta. Anzanga anafuna kundichitira, ndinakana. Ndinati amayi anga ndiwatseka ndekha. Nditatsegula ndinapeza mzere wautali: Rozina, khunyu, mankhwala mwezi ndi mwezi, zaka ndi zaka. Ndinaseka ndi ukali. Inu khunyu? Inu amene munkapalasa bwato nokha mpaka kutsidya, osagwapo ngakhale tsiku limodzi? Ndinkadziwa mmene anakopera timabuku takale mu kompyuta, mothamanga, anyamata aganyu akupikisana kuti amalize msanga. Ndinati asokoneza ndi Rozina wina. Ndinawatukwana mumtima, n'kudina batani la womwalira. Makinawo anafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinatsimikiza.

Patapita miyezi itatu, mng'ono wanu, mayi aang'ono a Jowana, anagwera pamoto akuwamba nsomba. Mwayi wake amuna awo, a Zuze, anali kudambo ndi maukonde, ndipo ine ndinali nditapita kukawapatsa mbatata. Ndinawapeza ali gada, thupi likugwedezeka, thovu kukamwa, mkono uli pa makala. Ndinawakoka ndekha. Mkono wamanja wapsa kuchokera pachigongono mpaka pa zala, ndipo zala ziwiri sizikutambasukanso. Atatsitsimuka, mawu awo oyamba sanali a ululu. Anandigwira chitenje n'kunena kuti, "Mwananga, waona ndani? Wina waona?"

Ndi tsiku limenelo pamene ndinamva zonse, ndili ndi zaka makumi anayi, ngati mlendo. Akuti anayamba kugwa atangobereka mwana wachiwiri. Akuti inu munadziwa kuti akuchimuna akamva, awabweza kwathu, ana n'kutsala, poti malowolo anali atapita kale. Mukudziwa mmene anthu amathawira munthu wakugwa, kuopa ngakhale mbale yake. Ndiye munapita kwa dokotala wachikulire uja, a Fombe, n'kuwauza zoona. Iwo anawayeza a Jowana kamodzi kuseri kwa chipatala, n'kulemba matendawo m'buku lanu. Kuyambira pamenepo, Lachinayi loyamba la mwezi, inu munkakhala pa benchi la akhunyu, anthu akukuonani, akunong'onezana, inu muli phee. Mapiritsiwo munkawakulunga m'kansalu n'kukawapereka kudimba. A Fombe anapuma ntchito n'kupita kwawo, anyamata aja anakopera zimene anapeza, ndipo bodza lanu linalowa mu kompyuta ngati choonadi.

Mutamwalira, a Jowana anadikira mpaka mapiritsi atatha. Kenaka anatenga buku lanu, limene munawasiyira mukudwala, n'kupita nalo pa zenera la mankhwala tsiku limene ine kunalibe. Pazenerapo pali mnyamata watsopano wochokera kumtunda, sadziwa aliyense. Anaunika sitika ya pabukulo, makina n'kulira. Iye anakweza mawu pamaso pa mzere wonse: "Mayi, mwini buku ili anamwalira. Mukufuna kuba mankhwala a boma?" A Jowana anasiya bukulo pomwepo n'kuthawa, ngakhale nsapato imodzi anaisiya. Anakhala miyezi iwiri opanda mankhwala, akuyenda m'mphepete mwa madzi, akuphika pamoto, osauza munthu.

Mnyamatayo ndinamukalipira mpaka anzanga anandigwira. Koma nditafika kunyumba ndinadzifunsa kuti iye walakwa chiyani. Anawerenga zimene makina analemba, ndipo amene anauza makinawo ndine. Chala changa ichi, Amayi, chimene munkachiseka.

Apa ndiye pali mlandu wanu. Milungu iwiri ndinakhala pambali pa mphasa yanu. Munandiuza za mbuzi. Munandiuza amene adzatenge mtondo ndi amene asadzakhudze nsalu zanu. Munandiuza ngakhale nyimbo yoti tidzaimbe potuluka m'tchalitchi. Koma chinthu chimodzi chokhacho chimene moyo wa munthu unatsamirapo, munachitsekera m'kamwa n'kupita nacho. Munkadziwa ntchito yanga. Munkadziwa kuti tsiku lina dzina lanu lidzafika pa tebulo langa. Munkandiyesa mwana wosasunga pakamwa? Munkakonda kunena kuti chibale n'fupa, sichiola. Zoona, koma ineyo sindine m'bale? Munalinso kunena kuti mutu umodzi susenza denga, pomwe inu munasenza denga lonse nokha zaka zonsezi, ndipo mutachoka linagwera mng'ono wanu. Ndakwiya, Amayi. Ndikanakhala ndi njira yofikira kumeneko ndikanabwera kudzakufunsani maso ndi maso.

Ndinayesa kukonza zinthu mwachilungamo. Ndinawauza a Jowana kuti tiyeni tikakulembetseni m'dzina lanu, matendawa ndi matenda ngati ena onse, ali ndi mankhwala. Anandifunsa kuti zikalembedwa akaziona ndani. Sindinafune kuwanamiza. Ndinawauza kuti fomu yake siipita patsogolo popanda nambala ya foni, ndipo makina amatumiza uthenga wokumbutsa tsiku la mankhwala. Pakhomo pawo foni ndi imodzi, ya a Zuze. Ndinati tiikapo nambala yanga. Koma palinso tabuleti ya mlangizi wa zaumoyo. Akafika pakhomo n'kutsegula, imamuonetsa onse a m'nyumbamo ndi zimene amadwala, ndipo iye amafunsa mmodzimmodzi pabwalo, mwini khomo ali pampando pomwepo. Mlangizi wathu ndi munthu wabwino, koma mawu ake amamveka mpaka kuchigayo. A Jowana anapukusa mutu.

"Nkhabe, mwananga. Lusiya wanga akumulowola mwezi wa khumi. Akuchimuna akamva kuti mai wake ngwakugwa, ukwati watha. Bola ndife ine."

Ndinalembera kampani ya matabuleti ija kuwafunsa ngati pali njira yobisira matenda ena kuti asamaoneke pa tabuleti ya m'mudzi. Anayankha mwaulemu kwambiri. Akuti ganizolo aliona, ndipo lidzakhalamo mu makina atsopano amene akukonza, boma likadzagula. Ndinawerenga kawiri. Chinsinsi cha mayi anga aang'ono nachonso chasanduka katundu wodzagulitsa chaka chamawa. Mkono wopsa uja sungadikire chaka chamawa, ndipo mvula ikayamba, njira ya kudimba kwawo imadutsa m'madzi ofika m'chiuno. Munthu akagwera mmenemo sadzukanso.

Tsono mverani zimene mwana wanu wachita. Lachinayi lapitali ndinavula baji yanga ya ntchito n'kukakhala pa benchi lanu lija. Anthu anandiyang'ana. Mayi wina anasuntha mwana wake kuti asandikhudze. Nditalowa, dokotala wathu wachinyamata sanandiyang'ane kumaso, maso ake anali pagalasi la kompyuta, akuwerenga mafunso mmene alembedwera. Ndinamuuza kuti ndinayamba kugwa ndili ku Chikwawa, ndinkabisa chifukwa cha manyazi, ndipo buku langa linapita ndi madzi. Anafunsa kuti ndikagwa zimakhala bwanji. Ndinamufotokozera zimene ndinaona pa moto paja, chilichonse, mpaka thovu. Anafunsa mlingo wa mankhwala, ndinatchula umene unali pa dzina lanu. Analemba. Sizinatenge nthawi yophikira tiyi. Anangoti, "Pepani asisi, sitinkadziwa." Makina aja amati sanganamizidwe, amene anachititsa manyazi mayi wodwaladi pamaso pa anthu, bodza langa analimeza osatafuna. Sitika yake ndinasindikiza ndekha.

Mapiritsi ndinakawapereka kudimba. A Jowana anagwada m'matope, akuti, "Takhuta, takhuta, mwana wa Rozina." Ndinawadzutsa mwaukali. Sindinafune kuthokozedwa.

Musaganize kuti ndachita ngati inu ndiye mwakondwa. Bodza lanu linali la papepala. Likananyowa, likanadyedwa ndi chiswe, likanatha ndi a Fombe. Langali lili ku Lilongwe, lili paliponse pamene pali netiweki, ndipo lidzanditsata chipatala chilichonse chimene ndidzagonekedwe mpaka tsiku limene wina adzadine batani langa. Dzulo andichotsa kale pa ulendo wa njinga yamoto wopita kumidzi, akuti poteteza moyo wanga. Mlangizi akubwera kwathu sabata yamawa ndi tabuleti yake, ndipo mdzukulu wanu Marita, amene tsopano ali folomu 3, adzamva pabwalo kuti mayi ake ngwakugwa. Ndikhoza kuchotsedwa ntchito zikadziwika. Zonsezi ndinazidziwa ndisanakhale pa benchi paja, ndipo ndinakhalapobe, chifukwa ndine mwana wanu ndipo mankhwala a zimenezo kulibe.

Koma pali pamene ndisiyane nanu. Marita ndamuuza kale zoona zake zonse. Ndinamukhazika pansi lero m'mawa asanapite kusukulu. Anandifunsa ngati agogo ankaopa pa benchi paja. Ndinamuuza kuti sindikudziwa, sanandiuze.

Ndipo lonjezo langa ndi ili. Ndisenza matenda a mng'ono wanu mpaka Lusiya atalowa m'nyumba yake. Mwambo wa ukwatiwo ukangotha, ndipita kwa a Zuze masana dzuwa likuswa mtengo, ndikakhala nawo pansi, ndikawauza ndi pakamwa panga kuti mkazi amene wawaphikira zaka zonsezi amadwala khunyu, ndipo sanawapatsire, ngakhale ana awo. A Jowana ndawauza kuti ndidzatero, analira, koma sanandiletse. A Zuze akamvetsa, tidzapita tonse kukalembetsa dzina loyenera, ine ndikaulule zanga, zondigwera zindigwere. Akawathamangitsa, nyumba yanu ilipo, denga tafolera, adzagona pa bedi lanu. Mwa njira iliyonse, mankhwala sadzadukanso ngakhale tsiku limodzi ine ndili moyo.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo sindinakukhululukireni. Zonse ziwiri n'zoona. Mukakumana ndi a Fombe kumeneko, ngati anafika, muwauze kuti odwala awo akumwa mankhwala.

Ine mwana wanu,
Felesiya