Dothi la Pansi pa Msuku

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Nselema tilipo, kungoti nyumba yatikulira. Achimwene anabwerera ku Balaka kukapalasa kabaza sadaka yanu itangotha, bambo a Patuma akadali ku Joni, ndiye pakhomo tatsala awiri, ine ndi mdzukulu wanuyu. Patuma wakwanitsa zaka zisanu, ndipo pakamwa watengera inu ndendende. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri. Nandolo anabereka bwino, chimanga chokha ndiye chinatichititsa manyazi.

Chimene ndakulemberani ndi nkhani ya kuphiri, m'nkhalango ya boma muja tinkazulamo bowa. Mutabwera lero mukhoza kusochera, inu amene munkayendamo ngati pabwalo panu. Mitengo yatha ndi makala. Akadula amatentha, utsi nkumatsikira kumudzi mpaka ana kumangotsokomola. Pomwe atentha ena alimapo, ndipo pothawa kupalira amapopera mankhwala opha udzu. Sindikuwatukwana iyayi. Ambiri mwa iwo ndi omwe anakunyamulani popita kumanda, ndipo njala yawo ndi yomwe ndili nayo inenso.

Paja munkandiuza kuti, "Ndiwo zakutchire uzizifunsa ndi maso. Zikakhala zobiriwira, mbozi nkuzilawako, iwenso idya." Mu Januwale ndinapeza chisoso m'mphepete mwa munda wina kuphiriko, chobiriwira bwino, masamba ake obooka apa ndi apo monga munkanenera. Ndinathyola chodzadza nsalu nkukaphika chotendera. Sindinadziwe kuti mwini munda anali atapopera m'mawa womwewo. Mankhwala amenewa, Amayi, saumitsa tsiku lomwelo. Tsamba limakhala lobiriwira masiku angapo litafa kale.

Patuma anasanza mpaka maso kulowa. Ndinamubereka nkuthamangira naye kuchipatala ndekhandekha, njira yonse ndikuitana inu ngati muyankha. Anachira, Alhamdulillah. Patatha sabata ndinabwerera pamalo paja, ndinapeza ponse pafiira ngati pathiridwa madzi owira. Ndinakhala pansi nkulira, ndipo ndikuululireni, ndinakukwiyirani. Nkhalango imene munandiphunzitsa ndi ina, imene mwandisiyamo ndi ina, ndipo ndilibe woti ndimufunse.

Kuyambira pamenepo mwanayu sindimulola kutola kanthu kutchire. Koma mwana wa kwathu kuno angakule bwanji osalawa suku? Msuku wanu wa pamwala uja, umene munkapumirapo mukamatsika ndi dengu, unali umodzi mwa yochepa yotsala, ndipo tsiku limene ndinabwerera kuphiri lija ndinaupeza atautema kale ndi nkhwangwa chizindikiro choti audula. Mwayi wake, mu Disembala ndinali nditatolapo masuku nkufesa nthangala zake m'mapepala a shuga, m'dothi la kuseri kwa nyumba. Zinamera khumi. Kenako mbande zinayamba chikasu nkumafa imodziimodzi, ine madzi ndikuthirira, manyowa a mbuzi ndikuika.

Zitatsala zitatu ndi pamene ndinakumbukira mawu anu ena: "Msuku ndi mwana wa make, sukula popanda dothi la pansi pa mayi wake." Munkanena zimenezi mukuseka, nthawi ija ndinakana mwamuna wa ku Lilongwe chifukwa choopa kukhala kutali nanu. Ine ndinkayesa mukungondinyogodola, osadziwa kuti mukunena za mtengo weniweni. Ndinatenga khasu ndi ndowa nkukwera phiri. Ndinakumba pakati pa mizu, dothi lakuda lonunkhira bowa, nkulisenza mpaka kunyumba khosi likuwawa. Anthu panjira ankandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, mkazi kusenza dothi pomwe anzake akusenza makala.

Mbande zitatuzo zatsitsimuka, Amayi. Masamba abiriwira, ndipo imodzi yatulutsa atsopano awiri. Apa munanena zoona, ndiye mkwiyo uja mundikhululukire. Msuku wanu anaugwetsa sabata yatha. Ndinapeza chitsa chokha, ndi mulu wa dothi ukufuka utsi pambali pake.

Madzulo ndikamazithirira ndimazichitira kaduka pang'ono. Izo ndinazipezera dothi la mayi wawo nthawi isanathe. Langa lili kumanda, kumene ife akazi sitifikako, ndipo sindidziwa ngakhale mbali imene anakugonekani. Ndiye ndikungokula choncho, tsiku lina wobiriwira, tsiku lina wachikasu.

Mvula ikayamba ndidzazibzala pakhomo pano, kutali ndi nkhwangwa ndi opopera, ndipo ndidzazitchingira kuti mbuzi zanu zisadye. Akuti msuku umachedwa kubereka. Ndidikira. Suku loyamba adzadya Patuma, ndipo ndidzamuuza kuti mtengo umenewu ndi wa agogo ake.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Mariamu