Galimoto yonyezimira ikukanika chitunda

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimasoka zovala pakhonde la nyumba yathu. Za magalimoto sindinaphunzire, koma makutu ndili nawo.

Amuna anga ali ndi galimoto ya dizilo, yaitali miyendo ija, yokoka ndi matayala onse anayi. Mwana wathu woyamba anakwatiwa kumafamu, kuseri kwa chitunda chachikulu, ndipo pano ndi woyembekezera, mimba yoyamba, masiku atsala pang'ono. Msewu wakumeneko mvula ikangogwa umakhala matope okhaokha, galimoto zing'onozing'ono sizifikako. Tinagwirizana ndi mkamwini wathu kuti nthawi ikakwana adzatiimbira foni, ife tidzapita kukamtenga mwanayo n'kuthamangira naye kuchipatala. Mitambo nayo yayamba kale kusonkhana.

Koma galimotoyo yafooka. Pamsewu wosalala imayenda bwinobwino. Ikangofika pachitunda imabangula, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo, koma liwiro palibe. Ulendo wathawu bambo wina wokankha njinga anatipitirira, mpaka kutipatsa moni. Pobwerera, pamtsetse, ndinaona amuna anga akuponda buleki mpaka kunyamuka pampando. Nditafunsa kuti, "Bwanji bambo?" anati, "Palibe, ndikungowongola mwendo." Kenako tinatitimira pachithaphwi cha m'mbali mwa msewu. Matayala akumbuyo okha ndiwo ankazungulira, akutsogolo ali duu ngati ntchitoyo si yawo.

Makaniko wawo, amene onse amamutcha Wachangu, anangomvetsera injini manja ali m'thumba n'kunena kuti, "Iyi yatopa, bwana, tiitsitse yonse." Akuti ntchitoyo ingathe mwezi kapena kuposa, podikira zipangizo. Mwana wanga alibe mwezi woti adikire.

Chikundizunguza mutu n'chakuti, zinthu zitatu zosiyana zingafe bwanji nthawi imodzi? Injini, mabuleki ndi matayala akutsogolo anachita kupangana? Komanso injini ikamalira pabwalo ndimamva kamluzu kakang'ono, kuti tsiii, pansi pa boneti. Nditawauza amuna anga anaseka. "Mayi, inu sokani madiresi. Galimoto yosamalidwa ngati iyi simungaipeze pena paliponse." Kusamalako sindikukana. Loweruka lililonse amatsuka injini, kenako amanyika kasanza m'dizilo wosakaniza ndi oilo wakale n'kupukuta timapaipi tonse takuda talabala ta pa injinipo mpaka tizinyezimira ngati nsapato za mkwati. Odutsa amachita kuima kuti aone.

Kodi kamluzu kameneka n'chiyani? Ndikufuna kumvetsa, komanso kunena zoona ndili ndi mantha.

Mayi T.N., kuseri kwa msika

Mayi T.N.,

Funso lanu lagunda penipeni. Zinthu zitatu zikafooka nthawi imodzi, munthu amayamba wafufuza chimene chimazilumikiza asanamasule injini yonse. Galimotoyo sindinaione, koma mmene mwafotokozeramu, ine ndikukayikira timapaipi tonyezimira tija.

Pagalimoto za dizilo pamakhala kapampu koyamwa mpweya, monga mmene mwana amayamwira chakumwa ndi kapaipi. Amakaniko kuyamwa kumeneku amakutcha vakyumu. Kumayenda m'timapaipi tija kukathandiza mwendo poponda buleki. Pagalimoto zambiri zamtundu wanuwu, kuyamwa komweko ndiko kumalowetsa matayala akutsogolo kuti nawonso azikoka, ndiponso kumalamulira tebo, chipangizo chija chopopera mpweya mu injini kuti ikhale ndi mphamvu pachitunda. Kapaipi kamodzi kakang'ambika, pampu imangoyamwa mpweya wapanja, zitatu zonsezo n'kutsala zopanda thandizo. Kamluzu mukumvako n'kutheka kuti ndi mpweya ukulowera pabowo.

Tsopano kasanza ka Loweruka kaja. Dizilo ndi oilo amadya labala. Paipi imafewa, imatupa, imasweka kumapeto kumene yavekedwa, ina imaphwatalala ikamayamwidwa moti mpweya sudutsanso, pamene kunja ikuwala bwinobwino. Amuna anu galimotoyo aikonda mpaka kuidwalitsa.

Yambani ndi buleki, chifukwa pamenepo sipafunika sipanala. Injini ili yozima, amuna anu aponde buleki kangapo mpaka ilimbe, aigwire choncho, ndiyeno alize injini. Ngati vakyumu ilipo, buleki itsika pang'ono pansi pa phazi. Ikakhala gwaa osasuntha, mwapeza poyambira.

Kenako zimitsani injini, idikireni izizire, mutsate timapaipi tija ndi zala kuyambira papampu mpaka pomwe tathera. Inu wosoka mumadziwa kusaka pamene msoko wayamba kumasuka, apanso n'chimodzimodzi. Finyani, pindani pang'ono, yang'anani kumapeto. Kapaipi kofewa ngati nthochi yakupsa, kotupa, kosweka kapena kovuka kokha, ndi kakufa. Mukatero makaniko azule paipi yochokera papampu injini ikulira, aikepo chala. Pampu yamoyo imakoka chala mwamphamvu. Ikapanda kukoka, vuto lili papampupo, ndipo imeneyo imasinthidwa injini ili pamalo pake. Aonenso sefa ya mpweya ndi ya dizilo, popeza utsi wakuda umabweranso injini ikamabanika ndi fumbi. Zonsezi zikapezeka zili bwino, apo m'pamene angakambe zotsitsa injini, ndipo mukamvekonso maganizo a makaniko wina.

Amuna anu musawafikire ndi mawu akuti "mwawononga galimoto." Munthu amene amadzuka m'mawa kukapukuta mapaipi sangamve zimenezo, mungoyambana chabe. Apempheni kuti akuonetseni mmene buleki imagwirira ntchito. Phazi lawo likamva lokha kulimbako, nkhani ya kasanza idzalowa mosavuta. Mapaipi onse amene anamwa dizilo asinthidwe, atsopanowo azingopukutidwa ndi nsalu yonyowa ndi madzi. Sadzanyezimira, ndipo odutsa adzasiya kuima. Zimenezo apirire.

Chenjezo langa ndi ili. Pafupi ndi injini yolira musayandikire ndi nsalu yolendewera kapena mpango, lamba ndi fani sizisankha. Paipi ya mabuleki musalole kuti imangidwe ndi mphira kapena tepi, ngakhale wina alumbire kuti igwira. Ndipo galimotoyo isakwerenso chitunda chija buleki isanakonzedwe. Kukanika kukwera n'kochititsa manyazi chabe, koma kukanika kuima pamtsetse anthu amafa nako. Amuna anu akudziwa bwino kuti tsiku lija sankawongola mwendo.

Za mwana wanu ndinene mosabisa, musamangirire moyo wake pagalimoto imodzi yodwala. Ngakhale itakonzedwa mawa, mapangano odikira foni aja sindikugwirizana nawo. Matenda akhoza kuyamba mvula ili mkati, inu muli tsidya lino, iye ali tsidya linalo. Muimbireni mkamwini wanu lero. Msewu udakali wouma, galimoto ina iliyonse ingathe kufikako. Mwanayo atsike sabata ino, adzadikire ali m'nyumba mwanu, pafupi ndi chipatala, pomwe akabuula mumumva ndi makutu anu omwewo.

Aphungu