Mayeso M'nyumba Yopanda Makoma

Savai'i, Samoa

Wokondedwa mlongo wanga Uelese,

Uli bwanji ku Brisbane kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tilipo, bambo ndi bondo lawo lija basi. Nkhumba yomwe akusungira phwando la digiri yanga nayonso ili bwino, yanenepa kuposa mwini digiri.

Nkhani ndi ya yunivesite yanga ya pa intaneti ija, yomwe akuti ili pafupi ndi kwanu. Zaka zitatu ndaphunzira, mphunzitsi wopuma mpweya sindinamuonepo.

Mayeso otsiriza anali Lachinayi lapitalo. Woyang'anira wake ndi pulogalamu ya pa kompyuta yomwe imakutong'olera maso pa kamera. Inayamba ndi kundilamula kuti nditseke chitseko, ndiionetse makoma onse anayi. Makoma, Uelese, m'nyumba ya bambo ija ya denga ndi nsanamira zokha? Ndinaionetsa nsanamira, mitengo ya kokonati ndi nyanja. Kenaka mayeso anayamba.

Anzeruwo anaika mayeso 3 koloko masana ya kwanuko, osadzifunsa kuti kuno ikhala nthawi yanji. Ndili pa funso lachiwiri, belu la pemphero la madzulo linalira. Banja linalowera mbali zonse n'kukhala pamkeka, bambo n'kuyambitsa nyimbo. Ndinawanong'oneza kuti ndili pa mayeso. Iwo anati ndiye nthawi yabwino yopemphera imeneyo, nditsinzine. Ndinatsinzina.

Lolemba kunabwera chigamulo: ndabera mayeso. Akuti m'chipinda munali anthu khumi ndi mmodzi, akundiuza mayankho m'chilankhulo chosadziwika, ine nditaweramitsa mutu kuwerenga zobisa. Azakhali a Lupe, amene sukulu anaisiyira kalasi yachinayi, ndiwo akuti ankatsogolera kuberako, poti amaimba mokweza.

Ndinalemba kalata yodandaula. Anayankha ndi makina, pasanathe mphindi. Anati ndi okondwa kundithandiza, amalemekeza kwambiri chikhalidwe cha anthu a pazilumba, ndipo ulendo wina ndidzatseke chitseko.

Tsono ndiulule. Bambo sindinawauze. Analengeza kale kutchalitchi kuti mwana wawo wamaliza. Ndingayambire pati kuwauza kuti pemphero lawo ndilo umboni wa mlandu wanga? Nthawi yochita apilo ikutha Lachisanu, ndipo ikadutsa zaka zitatu zija zapita.

Chonde valako malaya ako a ku tchalitchi, upite ku yunivesiteko. Ndakutumizira chithunzi cha nyumba ndi mawu a nyimbo ija. Ufunefune munthu weniweni, umupatse moni wa m'manja kuti utsimikize. Umufunse ngati mu vesi yachiwiri akupezamo yankho lililonse la maphunziro a zauphunzitsi.

Undiperekere moni kwa alamu, ana uwapsompsone. Mulungu akutsogolere, ndipo ukalankhula ndi bambo pa foni uzingoyamikira nkhumba. Usachedwe, dzulo ayamba kunola mpeni.

Ndine mlongo wako,
Fuatino